Tsiku Limene Amayi Anavula Zakuda

Ndikukumbukira chaka chimene achimwene anga a Luwizi ankakonzeka kupita ku Joni kukafuna ntchito. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, mtsikana wamanyazi amene munthu wamkulu akandifunsa dzina ndinkayankha ndikuyang'ana zala za kumapazi. Chitsirizira m'nyumba mwathu anali Tadeyo, yemwe anali asanayambe sukulu. Kwathu ndi ku Milonde, cha kumene minda ya tiyi imathera n'kuyamba timinda tathu ta chinangwa ndi nandolo.

Bambo anali atamwalira. Ntchito yawo inali yocheka matabwa ku Chambe, pamwamba pa phiri lalikulu la kwathu, ndipo ankatha milungu ali m'phirimo, n'kudzatsika akununkhira mkungudza kuyambira m'tsitsi mpaka m'malaya. Chifuwa ndicho chinawatenga. Maliro atatha, achemwali awo a bambo, azakhali a Rozina a ku Thuchila, anaveka amayi zakuda: duku, bulauzi ndi chitenje, ziwiriziwiri, kuti china chikachapidwa china chikhale m'thupi. Zovala zina zonse za amayi anazipinda n'kuzitsekera m'bokosi limene bambo anakhoma ndi manja awo.

Mwambo wake ndi wakuti amene anakuveka ndi amene amadzakuvula. Chaka chikatha, akuchimuna amabwera, thobwa limaphikidwa, akulu a mpingo amapemphera, ndipo mkazi wamasiye amasudzulidwa kuti akhalenso ngati anthu ena onse. Koma kwa ife chaka chinatha, china n'kufika pakati, osabwera munthu. Ankati akudikira atsibweni awo a bambo ochokera kutsidya ku Mozambiki, ndipo atsibweniwo, malinga ndi mauthenga amene ankatipeza, nthawi zonse ankabwera mwezi wamawa.

Amayi sakanatha kukumbutsa. Mkazi wamasiye akafunsa yekha kuti mudzandivula liti, pachitsime pamamveka kuti wapeza kale mwamuna wina. Choncho anangodikira. Ankapita kukatchola tiyi ku esiteti ali m'zakuda, kutchalitchi ali m'zakuda, kuchigayo ali m'zakuda, mpaka nsaluzo zinasuluka m'mapewa n'kumaoneka ngati phulusa.

A Luwizi ankafuna kunyamula chithunzi cha banja lonse. Pakhomo pathu panalibe chithunzi ndi chimodzi chomwe, ngakhale cha bambo, ndipo ndikhulupirira kuti n'chimene chinawachititsa khama. Masiku amenewo wojambula wa dera lathu anali a Sozinyo, bambo wamfupi woyenda panjinga, kamera ili m'kachikwama pachifuwa ngati khanda. Akakujambulani, filimu ankapita nayo ku Limbe kukatsukitsa, ndipo zithunzi zinkabwera patapita milungu. Atamva tsiku la ulendo wa achimwene, a Sozinyo ananena kuti tikaphonya Lamulungu likubwerali, ndiye kuti achimwenewo apita chimanjamanja.

Nkhani ya zovala inayambika tikusenda nandolo pakhonde.

"Amayi, Lamulungu muvala chiyani?" anafunsa a Luwizi.

"Ukuona ndavala chiyani?"

"Ine sindinyamula maliro m'thumba mpaka ku Joni. Ndikatulutsa chithunzi, anzanga azikandipepesa?"

"Ndiye ujambulitse ndi abale akowa. Ine ndikaima kuseri kwa nkhokwe."

"Popanda inu si chithunzi."

"Luwizi, sindinadziveke ndekha," anatero amayi, maso ali m'lichero. Nkhani inathera pomwepo.

Mawa lake achimwene anakwera basi kupita ku Thuchila kukatsazika azakhali. Anachoka atalimba mtima, akunena kuti akawauza zonse mosapsatira. Atabwerako anandinong'oneza kuseri kwa nyumba kuti atafika pamaso pa azakhali analephera kutchula za zakudazo. Sindinawadabwe. Azakhali a Rozina anali amtali, owonda, a mphini m'masaya, ndipo sankaseka pachabe. Akakwiya ankasiya Chichewa n'kulowa Chilomwe, ndipo ngakhale galu ankadzuka pakhonde n'kukagona kwina. Chimene achimwene anakwanitsa n'kuwapempha kuti adzaime nafe pachithunzi m'malo mwa bambo. Azakhali anangofunsa tsiku, basi.

Mlungu wonsewo nyumba inali pakalapakala. A Luwizi anabwereka jekete kwa mnzawo wina, mwana wa kapitawo wa ku esiteti, ndipo manja a jeketelo ankathera patali ndi zikhatho. Anabwerekanso tayi, koma pamudzi panalibe wodziwa kumanga. Anapita naye kwa aphunzitsi aakulu, amene anam'mangira pakhosi pawo, n'kumuvula bwinobwino osamasula mfundo. Tayiyo tinamukoleka pamsomali, ndipo aliyense anachenjezedwa kuti asamukhudze. Tadeyo analirira majombo a bambo, amene ankam'fika m'ntchafu, ndipo anagonja pokhapokha atalonjezedwa kuti adzadzola mafuta ambiri kuposa aliyense.

Ine ndinali ndi zosankha ziwiri: yunifolomu ya sukulu, kapena diresi lapinki limene mpendero wake unali utamasulidwa kawiri, moti m'munsi munali mizere yosonyeza mmene ndinkakulira. Achimwene anati diresi, ndinavomera. Amayi anati yunifolomu ndi yaulemu, ndinavomeranso. Mnzanga wa pafupi anati pinki amandidetsa, ndinati zoonadi. Pofika Lachisanu ndinali nditavomereza aliyense, osadziwabe chovala. Mapeto ake ndinaganiza zovala diresi, pamwamba n'kuphatikiza juzi ya sukulu, kuti pasapezeke wodandaula.

Chiperoni chinagwa mlungu wonse. Phiri linabisala, udzu unali chinyontho chokhachokha, ndipo zovala zinakana kuuma. Tinaziyanika m'khitchini, zinauma zikununkha utsi. Loweruka masana amayi anapita kuchigayo n'kundisiyira ntchito yosita. Ndinayala bulangete pamphasa, ndinadzaza makala m'simbi, ndinauzira mpaka maso kuwawa, ndinayesa kutentha kwake patsamba la nthochi monga anandiphunzitsira amayi. Ndili mkati mosita, ndinaona mapazi a munthu ataima patsogolo panga. Anali azakhali, atanyamula dengu la mbatata ndi nyemba za kalongonda.

Ndinagwada, ndinawalonjera, ndinawalandira dengu. Anakhala pamphasa pomwepo n'kundiuza kuti ndipitirize. Palibe chovuta ngati kusita munthu wotere akukuyang'ana. Anatola zovalazo chimodzichimodzi, kufunsa mwini wake. Jekete analiyang'ana n'kupukusa mutu. Kenaka anafunsa kuti, "Nanga amako avala chiti?"

Ndinawapatsa bulauzi yakuda ija ndi manja awiri. Anaitambasula n'kuikweza m'mwamba. Kuwala kunkadutsa m'mapewa ngati m'sefa. Anaitembenuza, chala chawo n'kuima pachigamba cha kukhwapa.

"Anasoka apa ndani?"

"Ndine, azakhali. Nsalu yakuda inasowa, ndiye ndinadula pa ambulera yakutha."

Ndinaopa kuti mwina ambulera ndi yoletsedwa pa zovala za maliro. Koma iwo sananene kanthu za ambulerayo. Anangondifunsa funso lina.

"Asanavale izi, amako ankakonda kuvala chiyani?"

Ndinkafunitsitsa kuyankha bwino. Ndinatsinzina kuti ndikumbukire. Ndinawaona amayi pachitsime, ndinawaona akuchokera kutchalitchi, ndinawaona atabereka Tadeyo ali wakhanda, akuseka ndi bambo panjira ya kumsika. Koma paliponse pamene ndinawaona, ngakhale masiku amene bambo anali moyo, anali atavala zakuda. Ndinayesanso, osatheka.

"Ndaiwala, azakhali."

Msozi unagwera pasimbi n'kuuma pomwepo. Azakhali anapinda bulauzi ija, anaiika pamiyendo pawo, ndipo anayang'ana kumene kunayenera kukhala phiri, koma kunali nkhungu yokhayokha. Amayi atabwera, awiriwo anacheza za anankafumbwe, za miyendo yowawa ndi za amene anakwatiwa ku Thuchila. Za zakuda sizinatchulidwe. Achimwene anagona osadya.

Lamulungu tinalowa m'tchalitchi kukuwaza, koma potuluka tinapeza kwayera. Sindinaonepo phiri ngati mmene linalili tsiku limenelo. Linali pafupi kwambiri moti unkaganiza kuti ukatambasula dzanja ulikhudza. Matanthwe onyowa ankanyezimira, ndipo madzi ankatsika m'mipata yonse ngati ulusi woyera. Minda ya tiyi inali yobiriwira mpaka kuwawitsa maso.

A Sozinyo anafika masana, ana a m'mudzi akuthamangira njinga yawo. Azimayi oyandikana nafe anaima m'mbali mwa mpanda, aliyense akunamizira kuti akungodutsa. A Sozinyo anasankha malo pafupi ndi mtengo wa mapeyala kuti phiri likhale kumbuyo kwathu. Anaika mpando pakati, amayi anakhalapo ndi zakuda zawo zosita bwino. Tadeyo ankanyezimira ngati chitumbuwa chongochoka m'mafuta. Ine thukuta linali kuyenderera mkati mwa juzi. A Luwizi anabwerekedwa magalasi akuda amene a Sozinyo ankayenda nawo, ndipo anawavala mwamsanga, ndikuganiza pofuna kubisa maso. Azakhali anaima kumapeto, manja ali kumbuyo.

A Sozinyo anabwerera m'mbuyo, anapinda mawondo, anakweza kamera.

"Tadikirani, bambo," anatero azakhali.

"Dzuwa lipita, mayi."

"Likapita lidzabweranso." Anayenda n'kukagwira amayi padzanja. "Tiyeni, alamu. Iwe Mena, madzi m'beseni."

Mena ndine. Ndinathamanga, ndinatunga madzi, ndinalowa nawo kuchipinda, ena akutayikira pansi. M'chipindamo munali kamdima, kuwala kukungolowera pakawindo kamodzi. Amayi anali atakhala m'mphepete mwa bedi. Azakhali anatambasula dzanja kupempha kiyi wa bokosi, amene amayi ankamumangirira pakachingwe m'khosi.

"Alamu, atsibweni sanabwere," anatero amayi motsitsa mawu. "Thobwa kulibe. Anthu anena chiyani?"

"Anakuvekani ndi anthuwo? Ndinakuvekani ndine, ndi manja awa. Malemuwo ndinawoloka nawo mtsinje wa Muloza pochoka kutsidya ali kumsana kwanga, atsibweni ali kuti? Wofuna kulankhula akwere basi. Ku Thuchila sikusowa."

Atatero anamasula duku la amayi. Ndinali ndisanaone mutu wa amayi masana chimwalirire bambo, ndipo ndinadabwa kuona imvi pamwamba pa makutu. Azakhali anaviika manja m'beseni limene ndinanyamula, anasambitsa amayi kumaso, m'khosi ndi m'mikono, pang'onopang'ono, ngati akusambitsa mwana wodwala. Uku akusambitsa, ankalankhula Chilomwe chapansipansi. Sankalankhula ndi amayi, sankalankhulanso ndi ine. Ankaitana dzina limene ndinali ndisanalimvepo, ndipo patapita nthawi ndi pamene ndinazindikira kuti linali dzina la bambo la paubwana. Chilomwe ndimamva pang'ono chabe. Ndinangotolapo mawu akuti ana, ndi akuti gona. Mikono inandiwawa ndi kulemera kwa beseni, koma sindinayerekeze kulitula.

Kenaka anatsekula bokosi. Fungo la mkungudza linadzaza chipinda chonse nthawi imodzi, ngati bambo angotsika kumene m'phiri n'kulowa pakhomo. Amayi anagwira m'mphepete mwa bedi ndi manja onse awiri.

Azakhali anayamba kutulutsa zovala n'kumaziyala pabedi. Panali chitenje chofiira, diresi lobiriwira, bulauzi yoyera ya zingwe m'khosi. Chilichonse chikatuluka, ndinkachizindikira ngati m'bale wobwera kuchokera kuulendo. Dzanja la amayi linapita pachitenje china chotuwa, cha timadontho tating'ono.

"Ichi n'chofatsa," anatero.

Azakhali anachikankhira pambali osachiyang'ana n'komwe. Anapisa dzanja pansi penipeni n'kutulutsa chilundu chachikasu cha masamba obiriwira, ndi bulauzi yake, ndi duku lake. Bambo anachigula Tadeyo atabadwa, ndipo amayi anachivala pa ubatizo wake wokha. Nsalu yake inali ikadali youma ngati yatsopano.

"Chimenecho n'chowala kwambiri, alamu."

"Mwanayu akufuna azikakuonani ali ku Joni. Kumeneko n'kutali. Pafunika chowala."

Anawaveka okha, kuyambira bulauzi mpaka duku. Bulauziyo inali itakula, chifukwa amayi anali ataonda, ndipo azakhali anaipinda kumsana n'kuigwiritsa ndi mapini amene anachotsa pa zovala zawo. Mizere ya mopinda inkaonekera ponseponse. Ndinadzipereka kuti ndikoleze simbi mwamsanga, koma azakhali anati dzuwa la a Sozinyo lingapitedi. Ndi nthawi yokhayo imene ndinaona pakamwa pawo pakufuna kumwetulira.

Amayi anaima pakhomo kanthawi, ngati munthu woopa madzi ozizira. Kenaka anatuluka.

Pabwalo panali phokoso la ana, koma linazima lonse. Dzuwa linagwera pachikasu chija, ndipo kunali ngati chawala chokha. Amayi ankayenda pang'onopang'ono, maso ali pansi, dzanja limodzi litagwira m'mphepete mwa chilundu. Ndinali ndisakudziwa kuti amayi anga ndi okongola. Ndinkawadziwa ngati munthu wodzuka m'mamawa, wa zala zothimbirira ndi tiyi, wotopa. Apa ndinaona mkazi wamtali, wa khosi lowongoka, amene bambo anam'tsatira kuchoka ku Thuchila mpaka kudzamanga nyumba ku Milonde. Mayi wina wa kumpanda anagwira pakamwa. A Sozinyo anavula kapusi. A Luwizi anachotsa magalasi aja n'kuwaika m'thumba, ndipo sanabisenso maso.

Tadeyo anathawira kuseri kwa miyendo ya achimwene. "Alendowa ndi ndani?" ananong'ona, koma tonse tinamva.

"Tadeyo, ukundithawa?" anatero amayi.

Atamva mawuwo anasuzumira. Anayandikira chammbali, anakhudza nsaluyo ndi chala chimodzi, kenaka anakwera pamiyendo pawo n'kusiya banga la mafuta pabulauzi.

A Sozinyo anatikonzanso, anatiuza kuti tiyang'ane kwa iwo ndipo tisaphethire. Ine ndinkayembekeza kuti kamera ilira ngati bingu. Inangoti tcha, kamodzi, ndipo a Sozinyo anati zatha.

Anthu atayamba kubalalika, amayi anabwerera kuchipinda. Iwo ankaganiza kuti abwerekedwa chikasucho chifukwa cha chithunzi chokha, ndipo tsopano abwerere m'zakuda mpaka atsibweni adzafike. Ndinawamva akusuntha zinthu pabedi, akuyang'ana pansi pa mphasa. Anatuluka ali ndi nkhope yodabwa. Azakhali anali ataima kale pabwalo, okonzeka kukapeza basi yamadzulo. Zakuda zonse zinali m'dengu mwawo, pamwamba atavundikira ndi mapeyala amene amayi anawapatsa. Duku lakuda lija anali atalipotokola n'kukhala nkhata, ili pamutu pawo.

"Alamu, duku langa," anatero amayi.

"Lanu liti? Iyi ndi nkhata yanga. Denguli likulemera." Anawerama, achimwene anawasenzetsa. "Thobwalo mudzaphike atsibweni akadzabwera, tidzamwe."

Tinawaperekeza mpaka pamphambano. Kuchokera pamenepo tinaima n'kumawayang'ana akuyenda m'kanjira ka pakati pa tiyi, msana uli chilili, dengu lisakugwedezeka, mpaka anakhota kuseri kwa mitengo ya bulugama. Pachitsime anthu analankhuladi, mlungu umodzi kapena iwiri. Amayi ankapita kukatunga madzi atavala chitenje chofiira, n'kumapereka moni kwa aliyense. Sindinamve kuti wina anakwera basi ya ku Thuchila.

Masiku ano zinthu zinasintha. Tadeyo ali ndi foni, ndipo amajambula amayi akusenda nandolo, akutsuka mbale, ngakhale akuyasamula, n'kutumiza ku Joni nthawi yomweyo. Zithunzi zachuluka moti zina zimafufutidwa tsiku lomwelo. Palibe amene amakoleza simbi chifukwa cha chithunzi, ndipo a Sozinyo anasiya kalekale kuyenda ndi kamera. Azimayi amasiye ambiri amangovala duku lakuda miyezi yochepa n'kuvula, popanda kudikira munthu wochokera kutsidya. Sindidandaula nazo. Amayi anadikira mokwanira m'malo mwa ambiri.

Chithunzi chathu chinafika kutatsala masiku ochepa kuti achimwene anyamuke. A Sozinyo anachipereka akupepesa, akuti sichinatuluke bwino, ndipo ngati tikufuna atijambulenso ulendo wina. Tinachizungulira pakhonde kuti tione cholakwika. Phiri linatuluka lonse. Amayi ali pakati ndi chikasu chawo, mizere ya mopinda ikuoneka, akuyang'ana kutsogolo monga anauzidwira, osamwetulira. Koma ena tonsefe palibe ndi mmodzi yemwe akuyang'ana kamera. Tadeyo wakweza mutu, ine ndapotoloka khosi m'juzi yanga, a Luwizi aweramitsa nkhope, ngakhale azakhali a Rozina akuyang'ana cham'mbali. Tonse maso ali pa amayi.

Achimwene anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anachikulunga m'kapepala ka pulasitiki, anachiika m'thumba la pachifuwa, ndipo anauza a Sozinyo kuti asavutike kubweranso.